Ndinakubereka Ndili ndi Mfuti M'chiuno

Tadala mwana wanga, anthu ambiri amalemba za ntchito yawo atamera imvi. Ine ndikulemba ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, chifukwa ntchito imene ndinaidziwa bwino kuno inatha ndipo sindidzabwererako. Tsiku lina udzamva kwa anthu a kutchalitchi kuti bambo ako anachotsedwa ntchito ndipo a boma anabwera kunyumba kudzafunsa za iwe. Ndikufuna udzamve kwa ine, m'Chichewa, ngakhale udzavutike kuchiwerenga.

2017 mpaka 2019

Ku Perth tinabwera chifukwa cha mayi ako, Mphatso. Iwo ndi amene anali ndi mapepala a unamwino ofunika kuno. Ine ndinabwera ngati mwamuna wawo, ndi satifiketi ya zoyeza malo ya ku koleji ya ku Blantyre, imene kampani iliyonse inaiyang'ana n'kundibwezera mwaulemu. Ntchito yanga yoyamba inali ya ulonda pa misika ikuluikulu ya ku Cannington. Ndinkaima pakhomo maola khumi, kulozera anthu kumene kuli zimbudzi ndi kuthamangitsa achinyamata osewera ndi matirole. Kumeneko ndinadziwana ndi a Mwale, bambo wa ku Chipata wokonda kuseka, amene ankabwera kudzatenga zikwama za ndalama m'masitolo atavala ngati munthu wokagula tomato. Tsiku lina anandiuza kuti, "Iwe mudala, uzaima apa mpaka miyendo ikazimbe? Bwela ku Kewdale, bafuna banthu bosakamba-kamba monga iwe."

Ndinachita maphunziro, apolisi anandifufuza, layisensi ya mfuti inatuluka, ndipo iwe utangobadwa ndinayamba ntchito pa depoti ya ku Kewdale, pakati pa nyumba zosungiramo katundu ndi njanji. Kampani yathu inkanyamula zikwama za masitolo ang'onoang'ono kupita nazo ku banki, koma osati pa magalimoto achitsulo aja. Ife tinkayenda mobisa: galimoto wamba, malaya wamba otaya, mfuti yaing'ono m'kathumba kachikopa mkati mwa lamba, chakumbuyo pang'ono kwa chiuno chakumanja. Kathumbako kanali ndi kalamba kokhala ndi batani, kogwira mfuti kuti isasololoke. Ena tinkayendera magalimoto athu, kampani n'kumatipatsa mafuta. Bwana wathu, a Graham, mzungu wamtali wosaseka wamba, atasuzumira m'galimoto yanga n'kuona kampando kako kumbuyo anati, "Kameneko usakachotse. Palibe wakuba amatsatira galimoto ya kampando ka mwana."

A Graham anali ndi malamulo amene ankatibwerezera mpaka kutopa nawo. Mfuti imatuluka m'chipinda chachitsulo cha pa depoti m'mawa, imabwereramo madzulo. Sipita kunyumba. Siisiyidwa m'galimoto ngakhale mphindi imodzi. Siiperekedwa kwa munthu wina, ngakhale mnzako wa ntchito. Sulowa nayo pamalo amene sali pa ndandanda ya tsikulo. Ndiye panali la ana, limene ankalinena akutiyang'ana mmodzimmodzi ife okhala ndi mabanja. "M'sitolo mudzakumana ndi mwana wokudziwani, adzakuthamangirani. Mutu wake ndi manja ake zimafika pa chiuno penipeni. Tembenuzirani mbali ya mfuti kutali, gwadani, mulandireni ndi dzanja lamanzere. Osamunyamula. Mwana amafufuza ndi zala, ndipo amafulumira kuposa inu." Ndinalemba mawu amenewa m'kabuku. Ndinali munthu wolemba zinthu m'kabuku, ndipo zaka zinayi palibe lamulo limodzi limene ndinaphwanya.

2020

Mayi ako anamwalira mu Epulo, mliri wa korona utangoyamba. Sanafe ndi mliriwo. Anagwa m'bafa m'mawa akukonzekera shifiti, madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika, ndipo sanatsegulenso maso. Iwe unali usanakwanitse zaka ziwiri. Pa maliro analola anthu khumi okha. Ndege zinali zitaima, choncho thupi silinapite kwawo ku Dedza. Agogo ako anaonera mwana wawo akutsitsidwa m'manda a dziko lachilendo pa foni imene a Mwale anaigwira m'mwamba. Za tsiku limenelo sindilemba zambiri.

Kukanakhala kumudzi, iwe ukanatengedwa ndi akuchikazi, kapena mng'ono wa mayi ako akanabwera kudzakhala nafe. Malire anali otseka, wotuluka panalibe, wolowa panalibe. Tinatsala awiri m'kanyumba ka ku Mirrabooka. Masabata oyambawo unkalira mpaka mawu kutha. Ndinkakunyamula paphewa, kukuyendetsa pa galimoto, kukupatsa mkaka, osatheka. Tsiku lina mayi Nachisale, namwino mnzawo wa mayi ako amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu, anaima pakhomo atavala masiki, kumvetsera kulirako.

"Bambo a Tadala, mwanayu mwamubereka?"

"Kubereka ine, mayi?"

"Nanga ndani? Anazolowera msana. Tengani chitenje cha malemu, weramani."

Anandiphunzitsa ali patali, akuloza ndi chala. Kukukhazika pamsana, kuponya chitenje, kuchikokera pansi pa matako ako, nsonga ina paphewa ina kukhwapa, mfundo pachifuwa. Kawiri konse unatsala pang'ono kutsetsereka. Kachitatu miyendo yako inazungulira m'chiuno mwanga, unaika tsaya pakati pa mapewa anga, n'kukhala chete. Mayi Nachisale anatembenuka n'kumapita osatsazika, ndipo ndinadziwa kuti akubisa misozi.

Kuyambira pamenepo ukadwala kapena ukachita mantha, mankhwala ako anali amenewo. Chitenje chimodzi chinkakhala m'chikwama chako cha ku sukulu ya mkaka. A Mwale atandiona nditakubereka pabwalo la tchalitchi anaseka mpaka kutsamira galimoto. "Amai Tadala, mwauka bwanji? Chasala ni duku chabe!" Amuna ena ankayang'ana kumbali. Sindinkasamala. Chinali chinthu chokha chimene ndinkachita bwino ngati mayi ako.

2021

Chaka chimenechi ndilibe zambiri zoti ndinene. Ndinkakusiya ku sukulu ya mkaka m'mawa, kupita ku Kewdale, kusainira mfuti, kuzungulira masitolo ndi a Mwale, kubweza mfuti, kusamba m'manja, kenaka kudzakutenga. Dongosolo limeneli silinkasintha: mfuti poyamba, iwe pambuyo. Sunaionepo, ndipo ukafunsidwa ntchito ya adadi unkayankha m'Chingerezi kuti amayendetsa galimoto. Ukatentha thupi masana, a Mwale ankatsiriza masitolo otsala ndi mnzathu wina nditabweza mfuti, kapena mayi Nachisale ankakutenga ngati sali ku wodi. A Graham anandiitanapo kamodzi mu ofesi kundifunsa ngati mutu wanga uli bwino moti ndingapitirize kunyamula mfuti. Ndinati uli bwino. Anangonena kuti chitseko chawo n'chotsegula. Sindinalowepo.

Marichi 2022

Malire atatsegulidwa, mliri unalowa mumzinda mwamphamvu. Aliyense wokhala pafupi ndi wodwala ankabindikiritsidwa kunyumba sabata yathunthu. Pa depoti tinatsala ochepa kwambiri, ndipo a Graham, amene anali asanalolepo munthu kuyenda yekha, anayamba kutitumiza mmodzimmodzi. A Mwale anali m'mbindikiro chifukwa akazi awo anapezeka nako. Mayi Nachisale ankagwira mashifiti ophatikiza, foni yawo ili m'kabati ya kuchipatala.

Linali Lachitatu, dzuwa likuswa mtengo, nthawi itangopitirira 1 koloko. Ndinali nditangotuluka mu sitolo ina ya ku Mirrabooka komweko pamene foni inalira. Anali mphunzitsi wako. Anati watentha thupi kwambiri, wasanza kawiri, akuika m'kachipinda pawekha monga mwa malamulo a mliri, ndipo ndibwere msanga. Kumbuyo kwa mawu ake ndinkamva kulira kwako, kuja kwa masabata oyamba aja. Ndinati ndifika pakatha ola limodzi. Anati, "Bambo, akudzimenyetsa kuchitseko. Sakulola aliyense kumugwira."

Sukulu yako inali mphindi zisanu kuchokera pamene ndinaima. Ku Kewdale kunali pafupifupi theka la ola kupita, theka la ola kubwerera. Ndinaimbira mayi Nachisale, foni inangoitana. Ndinaimbira akazi a abusa, anati nawonso ali m'mbindikiro. A Graham sindinawaimbire, chifukwa ndinkadziwa yankho lawo. Ndinadziuza kuti ndingolowa, ndikugwire dzanja, ndikuike pa kampando, tipite ku depoti. Mfuti sindikanaisiya m'galimoto, lamulo limakana. Ndinasunga lamulo limenelo n'kuphwanya linzake, loletsa kulowa nayo pamalo amene sali pa ndandanda.

Pakhomo pa sukulupo makolo sankaloledwa kulowa, ndiye mphunzitsi anakutulutsa atakugwira m'khwapa, iwe ukupalapata, wopanda nsapato, nkhope yonse mamina. Ndinachita monga anatiphunzitsira: ndinatembenuzira mbali yakumanja kutali, ndinagwada, ndinatambasula dzanja lamanzere. Unalikankha. Unazungulira kumbuyo kwanga n'kuyamba kukwera pamsana, ukufuula mawu amodzi okha a Chichewa amene unkawanena osasakaniza: "Bereka! Adadi, bereka!" Mphunzitsi, amene anali atationapo tikuchita zimenezi, anasolola chitenje m'chikwama chako n'kundipatsa akumwetulira ndi maso pamwamba pa masiki.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinaganiza chiyani pa mphindi imeneyo. Sindinaganize kanthu. Manja anga anachita zimene anazolowera zaka ziwiri. Ndinawerama, ndinaponya chitenje, ndinamanga mfundo. Unakhala chete nthawi yomweyo, thupi lako likutentha ngati mbaula pamsana panga. Ndinasainira pepala, ndinanyamula chikwama chako, n'kuyamba kuyenda kupita pamene ndinaimika galimoto. A Graham anatiphunzitsa za mwana wobwera kutsogolo, manja ake ndi mutu wake. Za miyendo ya mwana woberekedwa sanatiuzepo, chifukwa kwawo mwana sakhala kumeneko.

Nditayenda mapazi ngati makumi awiri ndinamva kaphokoso kakang'ono, thi, ndipo ndinakadziwa, chifukwa ndinkakamva madzulo aliwonse pobweza mfuti. Chidendene chako chinali chitatsegula batani la kalamba. Malaya anga anali atakwinyikira m'mwamba ndi chitenje. Phazi lako lamanja linali litapeza popondera, ndipo unkaponda n'kudzikweza monga unkachitira nthawi zonse pofuna kukhala bwino. Ukaponda, kathumba kankapendekeka. Ukakweza phazi, zala zako zinkakoka chigwiriro. Ndinamva kulemera kwa mfuti kukuchoka pamalo pake. Mfuti zathu zinalibe kotsekera kapadera koletsa kuwomba mwangozi, chipolopolo chinkakhala cholowa kale, ndipo chimene chinkaphimba kachitsulo kowombera ndi chikopa cha kathumbako basi. Mfutiyo inali itasololoka mwina theka.

"Adadi, chozizira," unatero m'Chingerezi, mawu a tulo, ukuseweretsa zala za kuphazi.

Ndinaima. Kutsogolo kwanga mayi wina ankatsitsa mapasa m'galimoto. Kumanja kwanga, kuseri kwa mpanda wa waya, ana a kalasi lako ankasewera mumchenga. Mulomo wa mfuti unaloza pansi chakumbuyo, kumene kunali mwendo wako wina ukulendewera. Kukutsitsa msanga sindikanatha, chifukwa phazi lako likanakoka. Kufuula sindikanatha, chifukwa ukanadzidzimuka.

"Tadala," ndinatero pansipansi, "tiye tisewere zouma. Wosuntha wagonja. Yamba iwe."

Unauma. Unkakonda kupambana. Ndinapititsa dzanja lamanja kumbuyo pang'onopang'ono, pansi pa chitenje, mpaka ndinagwira kaphazi kako. Chala chako chachikulu chinali pamphepete penipeni pa kachitsulo kaja. Ndinachichotsa ngati munthu wochotsa munga m'diso, ndinakankhira phazi lako kutsogolo kwa mimba yanga n'kulipana ndi chigongono, kenaka ndi chikhatho chotambasula ndinatsitsa mfuti m'kathumba mpaka inakhala. Ndinatseka batani. Ndinagwada pa phula lotentha, ndinamasula mfundo ndi dzanja lamanzere, unatsetserekera pansi n'kuyambanso kulira. Mayi wa mapasa uja anadutsa pafupi nafe nati, "Pepani, wadwala eti? Achire msanga." Palibe anaona kanthu.

Ndinakumanga pa kampando kako, ndinayatsa zoziziritsa, ndinakhala pa chiwongolero. Ndinaimbira a Mwale n'kuwafotokozera zonse.

Kenaka anati, "Mwana ali bwino?"

"Ali bwino. Akugona."

"Nindani anaona?"

"Palibe."

"Manje mvela, mudala. Yenda ku depoti, paka kuseli kwa ma kontena, bweza chinthu, kamba ati mutu ubaba. Yasila. Ukakamba kuli Graham, azalembela ba polisi, ni lamulo, sangabise. Layisensi yayenda. Elo ba boma bazabwela pa nyumba. Uziba mwamene bachitila kuno na bana. Ufuna bakutengele mwana?"

"Sindikufuna."

"Ndiye tseka pakamwa. Naine natseka."

A Mwale sankanama, ndipo ankandifunira zabwino. Msewu wonse wa ku Kewdale ndinkagwirizana nawo. Ndinkakuyang'ana pa galasi, mutu utapendekera kumbali, kukamwa kuli yasa, ndipo ndinkati sindingapereke mwana wanga kwa anthu a mafomu chifukwa cha chinthu chimene sichinachitike. Koma nditaima pa maloboti a pafupi ndi njanji, ndinadzifunsa funso limodzi: foni ikadzaliranso mwezi wamawa, ndili ndekha, mfuti ili m'chiuno, iwe ukudzimenyetsa kuchitseko, ndidzapita ku Kewdale kaye? Ndinafufuza mumtima mwanga moona, ndipo ndinapeza kuti sindidzapita. Ndidzabweranso kwa iwe, ndipo ndidzanena kuti ulendo watha uja sizinavute. Munthu wotere sayenera kupatsidwa mfuti m'mawa, ndipo panalibe wina wodziwa zimenezi woti andiletse.

Sindinaimike kuseri kwa makontena. Ndinaima pageti n'kuimbira a Graham kuti atuluke. Anabwera akukoka masiki, anasuzumira pawindo, anakuona. Anayang'ana chiuno changa. Ndinawauza zonse mwadongosolo, monga lipoti, kuyambira foni mpaka batani. Sanandidule mawu.

"Ukudziwa chimene ndiyenera kuchita," anatero.

"Ndikudziwa, bwana."

"Ukanandiimbira. Ndikanabwera ndekha kudzaitenga pa sitolo pomwepo. Mphindi makumi awiri ndi zisanu."

Zimenezo sindinaziganizeko n'komwe. Zaka ziwiri ndinali nditazolowera kuti palibe amabwera. Anaitana mayi wa mu ofesi kuti aime pa galimoto, ine ndi iwo tinalowa m'chipinda chachitsulo. Ndinaloza mfuti mu mgolo wa mchenga, ndinachotsa zipolopolo, ndinasaina. Potuluka anandigwira paphewa kamodzi n'kuchotsa dzanja msanga.

Miyezi yotsatira

Unapezeka ndi korona, ine ndinatsatira, tinabindikira sabata. Unachira msanga. Kalata ya apolisi inabwera, ndinapita kukayankha mafunso, ndipo chilolezo changa chonyamula mfuti chinathetsedwa. Sananditsekere. A Graham analemba kuti ndinadziulula ndekha, koma kampani sinkasunga munthu wopanda chilolezo. A sukulu ya mkaka atauzidwa anandilembera kuti ndikupezere malo ena, ndipo mphunzitsi uja sanandiyang'anenso kumaso. Kutchalitchi nkhani inafika itakula: ena ankati mfuti inalira, ena ankati ndinkafuna kudzipha pamodzi ndi iwe. A Mwale anakhala miyezi itatu osandiyankhula. Mayi Nachisale anangoti, "Bambo a Tadala, chilungamo chanucho mudya?" koma anapitiriza kukutenga Loweruka. Panopa ndimapakira katundu m'mashelefu mu sitolo ina ku Cannington, pafupi ndi khomo limene ndinayambira. Ndimalandira zochepa, ndipo ulendo wokuonetsa kwa agogo ako ku Dedza ndauimitsa kawiri. Sindikuuza kuti ndinachita bwino. Masiku ena ndimaona kuti a Mwale ndi amene ankaganiza za iwe, ine ndinkaganiza za mtima wanga.

A boma oona za ana anabweradi, m'mawa wina mu Meyi. Anali mayi wachikulire waulemu, wa chikwama chachikulu. Anayang'ana m'firiji, anayang'ana pogona pako, anakufunsa ngati umawaopa adadi, iwe n'kuseka. Ine ndinakhala pampando manja ali pa mawondo, ndikumvetsera ngati kunja kwaima galimoto ina yodzakutenga. Pomaliza anati sakuona chifukwa chokuchotsera pakhomo, koma adzabweranso kawiri, ndipo pali pepala limodzi loti tidzaze limodzi.

"Zikadzachitikanso kuti mwana wadwala inu muli kuntchito, mudzaimbira ndani? Ndikufuna maina awiri."

Ndinatchula mayi Nachisale ndi nambala yawo. Analemba.

"Wachiwiri?"

Ndinayamba kutchula nambala, ndipo inkatuluka yokha mosavuta. Ndinafika pakati ndisanazindikire kuti ndi ya mayi ako. Ndinasiya. Mayiyo anali atalemba kale manambala asanu ndi imodzi, ndipo anadikira, cholembera chili papepala, kuti ndimalize.